Ndime ya Mtedza ku Kapiri

Mu 2017, pamene boma linkalemba anthu m'kaundula wa unzika kuti aliyense akhale ndi chiphaso, ndinaima pamzere pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Santhe kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa litafika paliwombo. Nthawi yanga itakwana, mnyamata amene ankalemba anandifunsa dzina, ndipo ine ndinatchula limene aliyense pamudzi ankandiitanira, lija lotengera dzina la mwana wanga woyamba. Iye anayankha mwaulemu kuti, "Amayi, limenelo ndi la mwana, ine ndikufuna lanu lenileni." Ndinalitchula ndithu, koma linatuluka m'kamwa mwanga ngati dzina la mnzanga wa kuubwana amene tinasiyana osatsanzikana. Pobwerera kunyumba ndinayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene munthu anandiitana ndi dzinalo, ndipo ndinapeza kuti panali patapita zaka zambiri.

Ndinene msanga kuti amuna anga si munthu wankhanza, chifukwa owerenga ena akangomva mayi akulankhula zoterezi amathamangira kuganiza za zibakera ndi kutukwana. Pa zaka zonse zimene takhala limodzi kuyambira mu 2009 sanandikwezerepo dzanja, sanandiletsepo kupita kwathu, ndipo ndikadwala ndi iwo amene amanditengera kuchipatala. Kutchulidwa ndi dzina la mwana nakonso si chipongwe. Kwathu kuno ndi ulemu waukulu, ndipo tsiku loyamba limene apongozi anandiitana motero ndinasangalala kwambiri. Chimene ndikufuna kufotokoza ndi chovuta kuchiloza ndi chala, pakuti palibe amene anandilanda kanthu. Ndinadzipereka ndekha, pang'onopang'ono, ndi mtima wachikondi, mpaka tsiku lina ndinapeza kuti m'nyumba muli mkazi wa munthu, mayi wa ana ndi mpongozi wa pamudzi, koma ine mwini sindikuonekamo.

Kwathu ndi kufupi ndi Kapiri m'boma la Mchinji, ndipo ndinabwera kuno ku Kasungu pa chitengwa. Mwambo wathu wa Chichewa poyamba unali wakuti mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi pa chikamwini, koma amuna anga anali atayamba kale kulima fodya pamalo a makolo awo, choncho ankhoswe a mbali zonse anagwirizana kuti anditenge. Usiku wa chilangizo amayi akuluakulu anandiuza zambiri, ndipo zambiri mwa izo ndimazigwiritsabe ntchito: kulemekeza apongozi, kusunga ukhondo, kusatulutsa za m'nyumba pachitsime, kusagona ndi mkwiyo. Mawu amene anabwerezedwa koposa onse anali akuti banja ndi kupirira. Sindikuwatsutsa mawuwa, chifukwa aliyense amene wakhala m'nyumba imodzi ndi munthu wina chaka chathunthu amadziwa kuti popanda kupirira palibe chingaime. Koma palibe mmodzi yemwe mwa amayiwo amene anandiuza kuti kupirira ndi kudzifufuta ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ine, mtsikana wofunitsitsa kutchedwa mkazi wabwino pamudzi wa eni, ndinaziphatikiza kukhala chinthu chimodzi.

Munthu amene sanakhalepo pabanja lolima fodya sangamvetse mmene mbewu imeneyi imadyera nthawi ya munthu. Nazale imayamba mu Seputembala, ndipo kuthirira ndi kwa m'mawa ndi madzulo dzuwa likuswa mtengo. Mvula ikagwa mumawokera, kenako kuthira feteleza, kupalira, kubandira, kudula nsonga ndi kuchotsa mphukira. Kuthyola kukayamba mumakhala pansi pa chigafa kusoka masamba mpaka zala kuda ndi utomoni, ndipo akauma pamabwera kusankha magiredi ndi kudinda mabelo, kenako kudikira kuti alowe ku okushoni ya ku Chinkhoma. Mukamamaliza kugulitsa, nthawi yokonza nazale ina imakhala yayandikira. M'chaka choterocho ndinasiya kwaya, imene ndinaiimba kuyambira ndili Sitandade 5, chifukwa maphunziro a nyimbo ankachitika madzulo a nthawi yothirira. Ndinasiya kuyendera anzanga awiri amene tinakulira limodzi. Ndinasiya ngakhale kuphika nsima ya mgaiwa, imene ndimaikonda, chifukwa amuna anga amakonda ya ufa woyera, ngakhale kuti iwo sananenepo kuti mgaiwa usaphikidwe m'nyumba mwawo.

Chimene chimandidabwitsa ndikakumbukira ndi mmene kalankhulidwe kanga kanasinthira. Munthu akandifunsa maganizo anga pa nkhani iliyonse, kaya ya kutchalitchi kaya ya sukulu ya ana, yankho langa linali lakuti, "Ndikafunse kaye abambo kunyumba." Kufunsana m'banja n'kwabwino, ndipo mpaka lero sindingagulitse mbuzi popanda kukambirana nawo. Koma ine sindinkapita kukafunsa ndili ndi maganizo anga m'mutu kuti tikawaphatikize ndi awo. Ndinkapita wopanda kanthu, kukatenga maganizo awo n'kuwavala ngati anga. Mawu akuti "ndikufuna" ndi "sindikufuna" anachoka pakamwa panga, m'malo mwake munalowa "timakonda" ndi "sitichita zimenezo kwathu."

Amene anayamba kutopa ndi zimenezi si ine ayi, koma amuna anga. Chaka china fodya sanayende bwino pamsika, mabelo ena anabwezedwa, ndipo ngongole ya zipangizo inali kudikira. Usiku wina ana atagona anandifunsa ngati tipitirize fodya kapena tichepetse n'kuika soya mbali ina ya munda. Ndinayankha monga mwa masiku onse kuti, "Mmene mwaonera inuyo ndi momwemo." Anakhala chete nthawi yaitali, kenako ananena motsitsa mawu kuti, "Amayi, ine ndikafunsa inu ndimangomva mawu anga omwe akundibwerera. Nanga zikalakwika ndidzati tinalakwitsa ndi ndani?" Mawuwo anandipweteka, chifukwa ndinkayesa kuti kuvomereza chilichonse ndiyo mphatso yaikulu imene mkazi angapereke kwa mwamuna wake. Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga, ndipo m'nyumba mwathu munali mitu iwiri, koma denga lonse linali pa umodzi, popeza winawo unali utasiya kuganiza.

Miyezi ingapo pambuyo pa kalembera uja agogo anga, amayi a mayi anga, anadwala, ndipo ndinapita ku Kapiri kukawadwazika kwa masabata atatu. Aka kanali koyamba chikwatiwire kukhala kwathu nthawi yaitali chotero. Agogo sankandiitana ndi dzina la mwana. Ankanditchula ndi mfunda wanga, Naphiri, monga ankachitira ndili wamng'ono akafuna kunditamanda ndikasinja bwino. Madzulo ena atapezako bwino anandifunsa kuti ndimalima chiyani ku Kasungu, ndipo ndinayankha kuti timalima fodya ndi chimanga. Iwo anati, "Sindinafunse za amuna ako, ndafunsa za iwe. Mbewu yako ndi iti?" Nditasowa choyankha anandikumbutsa kuti pa nthawi yawo mkazi aliyense ankakhala ndi kandime kake ka mtedza, nzama kapena khobwe ndi kankhokwe kake kuseri kwa nyumba, ndipo mwamuna wanzeru sankapisamo dzanja popanda kupempha. Anandiuzanso kuti gawo langa la munda wa mbumba yathu, limene atsibweni anandilozera ndisanakwatiwe, linali litangomera tsekera.

Masabata amenewo anandipatsanso mpata woyang'ana bambo anga ndi maso a munthu wamkulu. Iwo akhala pa chikamwini zaka zoposa makumi atatu, pamudzi pamene munda si wawo, ndipo nkhani zikuluzikulu za ana awo omwe zimadutsa mwa atsibweni. Ndawaonapo akamwini ena amene moyo wotere unawasandutsa anthu opanda mawu, ongodikira kuuzidwa, ndipo ena unawathamangitsira kumowa. Bambo anga sanatero. Ndi mmisiri wa mipini, mipando ndi mafelemu a zitseko, ali ndi kamsasa kawo pansi pa mtengo wa mango, ndipo zida zawo palibe amene amazigwira, ngakhale mayi anga. Chaka chilichonse akakolola amapita kwawo kukakhala ndi alongo awo masabata awiri, ndipo mayi sanadandaulepo. Ndili mwana ndinkaona ngati msasawo ndi malo ongopezerapo ndalama ya sopo. Tsopano ndinaona kuti ndi pamalo pamene iwo amakhala munthu wodziwika ndi luso lake, osati mkamwini wa pamudzi chabe, ndiponso kuti akachoka pamenepo madzulo amalowa m'nyumba ali ndi nkhani zoti auze mkazi wawo.

Nditabwerera ndinauza amuna anga kuti ndikufuna kulima mtedza kumunda wa kwathu, ndekha, ndi mbewu yanga, ndiponso kuti zokolola zake ndizidzaziyendetsa ine. Mawu akuti "ndikufuna" anandilemera pakamwa ngati ndikupalamula mlandu. Iwo sanakane, koma sanasangalalenso, ndipo chifukwa chawo chinali chomveka: mtedza umadzalidwa ndi mvula yoyamba, nthawi yomweyo imene fodya amawokeredwa, pamene dzanja lililonse pakhomo limafunika. Amene anavutika mtima kwambiri anali apongozi anga aakazi. Kwa iwo, mtengwa amene wayamba kulima kwawo ndiye kuti akukonza pothawira, ndipo anafunsa mwana wawo mwamseri ngati m'nyumba mwalowa mphepo. Nkhaniyo inafika kwa ankhoswe, osati ngati mlandu koma kuti mitima ikhale pansi. Nkhoswe ya kuchimuna, bambo wachikulire wolankhula mofatsa, inandifunsa pamaso pa onse ngati ndili ndi chifukwa ndi banja langa. Ndinayankha kuti ndilibe, ndipo ndinawonjeza kuti ndikufuna kukhala m'banjamo ndili ndi chinthu chimene ndingabweretse, osati kungolandira. Sindikudziwa ngati onse anamvetsa, koma analola, ndipo tinagwirizana kuti pa masiku amene ine ndili ku Kapiri tizilemba waganyu mmodzi wothandiza kuwokera, amene ndidzamulipire ine ndikakolola.

Chaka choyamba sichinayende bwino, ndipo cholakwa chinali changa. Chifukwa choopa kuoneka ngati ndathawa ntchito ya pakhomo, ndinayamba ndamaliza kuwokera fodya yense, n'kukadzala mtedza mochedwa, Khirisimasi itadutsa, komanso motalikitsa mapando kuti mbewu ikwanire. Aliyense wolima mtedza ku Mchinji amadziwa chimene chimatsatira: nsabwe zimakonda mtedza wochedwa ndi wotalikirana, ndipo zimabweretsa matenda a kadukutu, amene amapinimbiritsa mbewu n'kusanduliza masamba achikasu. Mbewu yanga inali CG7, imene imabereka bwino koma siilimba ku matendawa. Ndinakolola zochepa kwambiri, ndipo nditalipira waganyu ndi thiransipoti sindinatsale ndi kanthu. Komabe ndikukumbukira bwino mmene ndinamvera tsiku limene ndinakhala pansi ndi mayi anga kuthothola mtedza wochepawo. Kulephera kumeneko kunali kwanga, kochokera m'chiganizo changa, ndipo ndinkadziwa chimene ndidzasinthe chaka chotsatira. Kwa zaka zisanu ndi zitatu ndinali ndisanalakwitsepo kanthu kalikonse kakakulu, chifukwa ndinali ndisanasankhepo kanthu.

Chaka chachiwiri ndinakonza mizere mu Okutobala, ndinadzala ndi mvula yoyamba mothithikana monga alangizi a zaulimi amanenera, ndipo ndinabwerera ku Kasungu m'masiku anayi kukagwira fodya. Mtedza unachita bwino. Ndinauumitsa mosamala kuti usachite chuku, wina ndinasunga wa mbewu ndi wa nsinjiro, wotsalawo ndinagulitsa mochedwerapo mitengo itakwera, osati kwa mavenda oyamba amene amabwera ndi masikelo awo mtedza usanaume n'komwe.

Nkhani ya ndalama m'banja ndi imene anthu ambiri amaiopa, choncho ndiikambe mosabisa. Pa ulimi wa fodya dzina limene limalembetsedwa kawirikawiri ndi la bambo, ndipo ndalama za ku okushoni, zimene zimawerengedwa m'madola, zimalowa mu akaunti yake, ngakhale kuti mkazi ndi ana anasoka masamba omwewo usiku ndi usana. Amuna anga amandionetsa mapepala a malonda ndipo timapangira limodzi bajeti, koma ndikudziwa amayi ambiri amene amangomva kuti fodya wagulidwa akaona bambo wasowa pakhomo sabata yathunthu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Malamulo aakulu a dziko lino, m'gawo 24, amanena kuti mayi ali ndi ufulu wokhala ndi katundu payekha kapena pamodzi ndi ena, kaya ali pabanja kaya ayi, koma ufulu wolembedwa suthandiza munthu amene mumtima mwake amaona ngati kukhala ndi chake ndi kuba. Ine ndinalowa banki m'khonde ndi amayi anzanga a pamudzi, ndipo tsiku loyamba lomwe ndinauza amuna anga kuchuluka kwa masheya amene ndikuponya. Pamenepa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga ena amene amalangizana kuti mkazi azibisa ndalama m'chitini cha ufa. Ndikumvetsa chimene chimawachititsa, makamaka amene amuna awo amamwera chilichonse, ndipo sindingawaweruze. Koma m'banja limene muli kukhulupirirana, chinthu chikhoza kukhala chako popanda kukhala chachinsinsi. Amuna anga amadziwa ndalama zimene ndili nazo, ndipo amadziwanso kuti sangazitenge popanda kundipempha. Inenso ndimadziwa zawo chimodzimodzi.

N'chimodzimodzi ndi foni. Kale ndinkaganiza kuti chikondi chenicheni ndi kudziwa nambala yachinsinsi ya Mpamba ya mnzako ndi kuwerenga mauthenga ake onse a pa WhatsApp, ndipo ndinkachita zimenezi iwo akapita kukasamba. Sindinapezemo choipa chilichonse, koma ndinapezamo nkhani za achimwene awo zimene sanafune kuti zifike kwa ine, ndipo kuyambira pamenepo ndinkawayang'ana alamu angawo ndi diso lina popanda iwo kudziwa chifukwa. Mchemwali wanga akandiuza za mavuto a m'nyumba mwake, amauza ine, osati ine ndi amuna anga. Ndinasiya kugwira foni yawo, ndipo ndinawauza kuti ndinkatero ndipo ndasiya.

Mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mtengo wa feteleza unakwera kwambiri, ndipo ndalama ya mtedza, mbewu imene siilira feteleza wambiri, ndi imene inalipira fizi ya mwana wathu woyamba kusekondale teremu imeneyo. Apongozi anga anayamba kuyamikira munda wa ku Kapiri kuyambira nthawi imeneyo. Ndinalandira kuyamikirako ndi manja awiri, komabe sindifuna kuti nkhani yanga imveke ngati kuti mkazi amaloledwa kukhala ndi chake pokhapokha chikabweretsa phindu pakhomo. Kwaya, imene ndinabwererako mu 2019, siibweretsa ngakhale tambala imodzi, ndipo imandichotsa pakhomo madzulo awiri pa sabata. Koma ndikaima pakati pa amayi anzanga n'kutulutsa mawu a alito amene ndinkayesa kuti anafa, ndimakhala munthu amene Mulungu anamulenga asanakhale mkazi wa wina aliyense, ndipo ndikabwera kunyumba ndimakhala wopepuka mtima, wosakalipira ana pa zinthu zazing'ono. Ngakhale kupepukako kukanapanda kuoneka, ndikukhulupirira kuti kuimbako kukanakhalabe koyenera.

Pali mbali ina imene ndinachedwa kuiona, ndipo ndi imene imandichititsa manyazi. Pa zaka zimene ndinalibe anzanga, ndinalibe kwaya, ndinalibe chochita changa, ndinkafuna kuti amuna anga akhale zonse kwa ine: mnzanga wocheza naye, mchemwali wondimvera madandaulo, mayi wonditonthoza. Akapita kukasewera bawo Lamlungu masana ndinkakwiya, ndipo akabwera ndinkawalandira ndi nkhope yokwinya, ngati andibera kanthu. Munthu mmodzi sangasenze katundu wa mudzi wonse. Nditayambiranso kukhala ndi moyo wanga, mkwiyo uja unatha wokha popanda wondilangiza, ndipo ndinayamba kuona kuti nawonso anali atatayika mwa njira yawo. Mwamuna amauzidwa kuti ndi mutu wa banja, ndipo ambiri amamva ngati ntchito yawo yonse padziko ndi kupezera ana chakudya, kotero kuti chaka chimene fodya walephera amadziona ngati si munthu. Amuna anga ali mnyamata ankakonda kukonza mawailesi ndi njinga, ndipo anasiya atakwatira poganiza kuti ndi zachibwana. Tsopano ali ndi kabokosi ka zida pakhonde, ndipo ana a pamudzi amabweretsa njinga zawo Loweruka. Ine sindigwira kabokosiko, monga momwe mayi anga sagwirira zida za bambo.

Pa ukwati abusa amatikumbutsa kuti awiriwo adzakhala thupi limodzi, ndipo ine ndimakhulupirira mawu amenewa ndi mtima wonse. Koma ndaganizira kwambiri za thupi: diso silisanduka khutu chifukwa chokhala pamutu umodzi, ndipo dzanja lamanzere likafota, lamanja silipindula kanthu koma limangolemedwa. Ena amagwiritsa ntchito mwambi wakuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, pofuna kunena kuti mkazi wofuna zake ndi wodzikonda, wotengera makhalidwe achilendo. Ine ndimaumva mwambiwo mwa njira ina, pakuti umati tiwiri, ndipo kuti pakhale tiwiri pafunika kuti aliyense akhalepo. Agogo anga sanapiteko kusukulu, sanaonepo intaneti, koma ndi iwo amene anandifunsa kuti mbewu yanga ndi iti. Choncho sindivomereza kuti zimenezi n'zachilendo. Chachilendo kwa ine ndi maganizo akuti mkazi akakwatiwa asiye mfunda wake, abale ake ndi munda wake, zimene makolo athu a Chichewa sanaphunzitsepo.

Ndisasocheretse munthu: zimene ndalemba pano ndi za banja limene anthu ake amafunirana zabwino. Ngati mnzako amakumenya, amakulanda foni ndi ndalama, amakuletsa kuonana ndi abale ako kapena kupita kutchalitchi, vuto lako silitha ndi ndime ya mtedza kapena kwaya. Imeneyo ndi nkhanza, ndipo dziko lino lili ndi lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja kuyambira mu 2006; ankhoswe, mafumu ndi ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa alipo chifukwa cha zimenezo. Kupirira kumene amayi anandiphunzitsa sikunali kopirira mabala.

Si zonse zimene zinakhazikika. Chaka chilichonse mvula yoyamba ikamayandikira timakanganabe pang'ono za masiku amene ndidzakhale ku Kapiri, ndipo pali zaka zina zimene ndimagonja n'kutumiza ndalama kwa mayi anga kuti alembe aganyu odzala, chifukwa fodya wafika povuta. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati ndikudzisunga kapena ndayamba kuuma mtima, ndipo yankho silikhala lofanana masiku onse. Chimene chinasintha ndi chakuti amuna anga akandifunsa maganizo amalandira yankho langa, ngakhale litakhala losiyana ndi lawo. Ndi ine amene ndinaumirira kuti tichepetse fodya n'kuika soya pa ekala imodzi, ndipo ndi iwo amene anaumirira kuti tisagulitse ng'ombe pamene ine ndinkafuna malata atsopano. Pa nkhani ya ng'ombeyo iwo ndiwo ankalondola. Nsima ya mgaiwa imaphikidwa Lachitatu ndi Loweruka, ndipo ana awiri mwa atatu anaikonda.

Agogo anamwalira mu 2021, ndipo atsibweni nawonso akalamba, maso ayamba kuchita khungu. M'mwezi wa Meyi chaka chino, pa nthawi yokumba mtedza, ndinatenga mwana wanga wamkazi, amene tsopano ali Fomu 3, kupita naye ku Kapiri. Tisanayambe ntchito ndinapempha atsibweni kuti atiperekeze kumunda, ndipo anayenda pang'onopang'ono atagwira phewa la mtsikanayo, akumulozera ndi ndodo pamene ndime yathu imayambira ndi pamene imathera: kuchokera pa chulu chachikulu, kutsika mpaka pa mtengo wa msuku, kenako kutsata kakhwawa mpaka pa mzere wa nsenjere umene agogo anadzala. Anamuuza kuti abwereze malirewo pakamwa, ndipo anabwereza kawiri osalakwitsa. Kenako tinatenga makasu, iye mzere wake, ine mzere wanga, ndipo tinakumba mpaka mayi anatiitana kuti nsima yapsa.